Tinakaimba Nyimbo za Maliro mu Ofesi ya a Bothwell

Mapepala a nyumba yanga ndinawapereka kwa a Bothwell kumayambiriro a Julaye, chaka chimene m'mashopu a pa Machipisa, kuno ku Harare, munangotsala mashelefu ndi ogulitsa. A Bothwell anali ejenti, wogulitsira anthu nyumba, ndipo kaofesi kawo kanali pamwamba pa butchala yomwe inali itaiwala kale fungo la nyama. Anati akufuna kungowajambula pa makina mapepalawo, andibwezera mawa lake. Mawa lake magetsi kunalibe. Mkuja wake kunalibenso. Mpaka Sepitembala mapepala anga anali akadali m'kabati mwawo.

Nyumbayo ndi ya zipinda zinayi, ku Highfield, ndipo ndi chokhacho chimene malemu amuna anga, a Yosiya, anatisiyira. Sindinkaigulitsa mokonda ayi. Ndili ndi ana awiri, Nomatter ndi Kuda, ndipo onse ankangokhala pakhomo chifukwa aphunzitsi anali atasiya kubwera kusukulu. Achimwene anga ku Dedza anandilembera kuti malo alipo, sukulu ikuyenda, bwerani. Ndinkafuna pofika Januwale ana akhale ali m'kalasi. Koma nyumba yopanda mapepala angagule ndani?

M'miyezi itatuyo a Bothwell anachita zinthu ziwiri. Anakhoma chikwangwani pageti chokhala ndi nambala yawo ya foni, ndipo anandibweretsera wogula mmodzi, a Hector, amene ankati amachokera ku Joni. A Hector anazungulira nyumba akugogoda makoma ngati akusankha chivwende. Anapeza mng'alu kuseri kwa khitchini nauyang'ana nthawi yaitali, akupukusa mutu. Kenako anati alipira ndi cheke, ndalama za konkuno.

"Cheke, a Bothwell?" ndinatero. "Ikamadzatuluka kubanki idzakhala ya sopo mmodzi. Ndinakuuzani kuti ndikufuna marandi kapena madola a ku Amereka."

"Mhamha, msika unafa," anayankha. Ankanditchula choncho, mayi m'Chishona, chikhalirecho tinabadwa chaka chimodzi. "Palibe winanso akufunsa. Mukamukana ameneyu mukhala nayo mpaka ikugwereni."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Munthu ukaima pamzere wa buledi kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja, umayamba kuvomera zilizonse.

Loweruka lina inali nthawi yanga yolandira sosaiti. Ndi gulu lathu la amayi ochokera ku Malawi ndi ku Tete, timaikana maliro, chifukwa kuno tilibe mudzi wotinyamula. Tinali titakhala pamphasa kuseri kwa nyumba pamene a Hector anatulukira okha ndi chingwe, ati akufuna kuyeza bwalo. Anatidutsa osapereka moni. Mnzanga Magret, amene amachapira anthu zovala ku Warren Park, anakokera duku lake kumaso mpaka munthuyo atachoka.

"Amake Nomatter, ameneyu ndiye wa ku Joni wanu uja?"

"Ndi yemweyo."

"Joni yake iti? Ndimamuchapira masokosi Lachinayi lililonse ameneyu! Ndi mlongo wawo wa akazi a a Bothwell. Amagona pasofa pabalaza pawo, ngakhale pasipoti alibe."

"Nanga bwanji sanakuzindikire?"

"Zaka zinayi ndikuchapa pakhomo paja, anandiyang'anapo kumaso? Amadziwa msana wanga basi."

Apo mayi Natalia, amene ndi apampando athu, anaika kapu pansi. Anati kutchalitchi kwawo kuli namwino wina, dzina lake Tsitsi, amene mwamuna wake ali ku Mangalande ndipo amatumiza ndalama zenizeni. Namwinoyo anaimba nambala ya pachikwangwani mu Ogasiti, ndipo a Bothwell anamuuza kuti nyumba inagulidwa kale.

Sindinalire. Ndinalibe nthawi. Alendo atapita ndinatulutsa pangano limene ndinasayina, ndinavala magalasi a malemu, n'kuliwerenga mzere ndi mzere, zimene ndikanachita mu Julaye. Pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono, panalembedwa kuti panganolo ndi la miyezi itatu, ndipo ngati mwini nyumba sapereka kalata yolithetsa, yolandiridwa ndi kudindidwa ndi ejenti, lidzapitirira lokha miyezi ina itatu. Tsiku lomaliza linali Lachiwiri la sabata yachiwiri kuchokera pamenepo. Miyezi ina itatu ndiye kuti Januwale wapita.

Kalata ndinalemba tsiku lomwelo, papepala la m'kope la Kuda. Ndinapita nayo Lolemba. Mtsikana wa padesiki, Melina, anati abwana atuluka. Lachitatu, atuluka. Lachisanu, atulukanso, koma jekete lawo linali pampando, ndipo kuseri kwa chitseko cham'kati wina anatsokomola.

"Ndisiyireni kalatayo, ndiwapatsa," anatero Melina, maso ali pansi.

"Dinda iweyo."

"Chidindo amasunga okha."

Ndinapita kupolisi. Wapolisi anandimvetsera bwino ndithu, kenako anati nkhani za mapangano si zawo, ndipite kwa loya. Ndinamufunsa ngati akudziwa loya amene amalandira mazira, chifukwa ndinali ndi nkhuku zisanu. Anaseka. Ine sindinaseke.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa mayi Natalia n'kuwauza chimene ndinkafuna.

"Mwana wanga, sosaiti ndi ya maliro, si ya nyumba," anatero.

"Nyumbayi ikapita ndi cheke, mudzaika ine Khirisimasi isanafike. Bola mundiimbiretu ndikumva."

"Bodza sitikanena," anatero. "Wina akafunsa, tikayankha zoona zokhazokha."

"Sindinapemphe bodza, mayi. Ndapempha yunifolomu."

Lachiwiri m'mawa tinakumana pa Machipisa amayi khumi ndi mmodzi, tonse mabulauzi oyera, masiketi akuda, maduku akuda. Ku Highfield mwana aliyense amadziwa kuti amayi a Chimalawi akavala choncho n'kumayenda mondondozana, osalankhula, ndiye kuti kwinakwake kwagwa zovuta. Ogulitsa tomato anatipatsa njira. Wina anavula chipewa. Tinakwera masitepe, tinalowa mu ofesi, mipando tinaisiya. Tinayala zitenje pasimenti n'kukhala motsamira khoma, miyendo titatambasula, monga timakhalira m'nyumba ya siwa.

"Atuluka," anatero Melina.

"Tidikira," ndinatero.

Mayi Natalia anayambitsa nyimbo, chapansipansi, ya zija timaimba bokosi likamatuluka m'nyumba. Ife tinalandira. Mawindo anali otsekula.

Woyamba kukwera anali wometa tsitsi wa pansi paja, sizasi ili m'manja. Anasuzumira pakhomo n'kunong'oneza, "Amayi, kwagwanji?"

"Tabwera kwa a Bothwell," anayankha mayi Natalia, n'kupitiriza nyimbo.

Munthu uja anagwira pakamwa, n'kutsika mothamanga. Sipanathe theka la ola, pamasitepe panadzaza. Ena anabwera kudzapepesa. Koma ambiri, ndinaona, anabwera ndi nkhope zina. Bambo wina wachikulire wa ndodo anakankha anthu mpaka padesiki.

"Mapepala a nyumba yanga ali m'kabati umo kuyambira Meyi! Munthu wafa, ndiwatenga kwa yani?"

"Anganso!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Tsekulani kabatiyo abale ake asanafike!"

Foni ya padesiki inayamba kulira osalekeza. Melina anainyamula, anamvetsera, n'kuitalikitsa kukhutu. Tonse tinamva kulira kwa mzimayi. Magret anandigunda ndi chigongono. "Adona anga amenewo, akazi a a Bothwell," ananong'ona, osasiya kuimba.

Chitseko cham'kati chinatseguka. A Bothwell anatuluka atavala masokosi okha, nsapato zili m'manja, zimene anavula kuti tisamve mapazi awo. Mayi wina pamasitepe anakuwa n'kuthawa.

"Ndani wafa? Ndani wakuuzani kuti ndafa?"

"Palibe," anatero mayi Natalia. "Ife tangoti tabwera kwa inu. Si kwa inu kuno?"

"Masokosiwo ndinachapa ndine," anawonjezera Magret. "Moni, abwana. A Hector adzuka bwanji pasofa paja?"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, a Bothwell anamuyang'ana kumaso Magret.

Ndinaimirira, mawondo akulira, n'kuika kalata padesiki.

"Mhamha, tiyeni tikambirane m'kati, awiri."

"Sindine mayi wanu. Ndine Febbie, mkazi wa malemu Yosiya. Tikambirana pompano. Kalata iyi ikuthetsa pangano lathu. Lero ndi tsiku lomaliza, ndipo ndabwera nthawi ikadalipo. Dindani, musayine, mulembe tsiku. Mukatero mundipatse mapepala anga."

"Wogula ndakupezerani kale. Simungangochoka choncho."

"Mlamu wanu akagule kwina. Namwino amene munamuuza kuti nyumba inagulidwa ndikamuona ndekha."

Anayang'ana khamu lija. Bambo wa ndodo uja anali atatsamira kabati, ndipo sankaoneka ngati achokapo. Mayi Natalia anakonza kukhosi ngati akufuna kuyambitsa ina.

"Nyimbo tili nazo zambiri," anatero. "Pamaliro timakhala masiku atatu."

Chidindo chinatuluka m'thumba la buluku. Inki inali itauma, mpaka anachita kuchiuzira mpweya, n'kudinda kawiri. Ndinawauza kuti adindenso pakalata yachiwiri, yanga yosunga, imene ndinakopera ndi dzanja. Kenako anatsekula kabati. Envulopu yoyamba imene anandipatsa sinali yanga, ndinaibweza. Yachiwiri ndinaitsekula pamaso pa onse, ndinavala magalasi, n'kuwerenga masamba onse anayi. Dzina la Yosiya linalipo. Nambala ya nyumba inalipo. Pakona panali banga la tiyi limene malemu anatayirapo tsiku limene anabwera nawo mapepalawo kuchokera kukhonsolo. Ndinawapinda n'kuwalowetsa m'bulauzi.

"Chikwangwani chija ndinalipira ndine," anatero a Bothwell, kufuna kuti mawu omaliza akhale awo.

"Mukachitenge. Ndachizula m'mawa uno. Chatseka bowo la khola la nkhuku."

Tinapinda zitenje zathu n'kutsika. Kumbuyo kwathu anthu anali atapanga kale mzere wolunjika pakabati paja, bambo wa ndodo ali patsogolo. Mizere tinali titaizolowera chaka chimenecho.

Panja Magret anaima n'kumanga bwino duku.

"Lachinayi ndilibenso kochapa," anatero.

Ndinamuuza kuti nkhuku zisanu zija ku Dedza sindipita nazo, ndi makina osokera a malemu apongozi anga, atenge iyeyo. Anati makinawo awaona kaye ngati akuyenda.

Amayi ena anabwerera kwawo. Ine ndinafunsa mayi Natalia kumene namwino Tsitsi amakhala. Anati ku Warren Park, ndipo amaweruka masana. Ndalama ya kombi, minibasi ya kuno, ndinalibe. Ndinagwira pachifuwa kuti ndimve mapepala, ndinavula nsapato za yunifolomu zimene zimandiluma chala, ndinavala mapatapata a m'chikwama, n'kuuyamba.