Maluwa a Nambewe

Chimwalirire mkazi wawo Nambewe, a Lufeyo ankadya kulesitilanti ya mayi Faiza pa Nsaru. Tsiku lina anawaikira futali wa mbatata, wotendera bwino ngati mmene ankaphikira malemu. Anangodyako pang'ono n'kukankha mbale.

"Kodi mchere wachepa, bambo?" anafunsa mayi Faiza.

"Ayi mayi, zili bwino."

Futaliyo anawakumbutsa mkangano wa chaka chatha. Nambewe anali atalemba mizere ndi phulusa pabwalo: maluwa ofiira kukhonde, achikasu chakunjira. Iwo anamukaniza madzi a pachitsime, ati ndi a nazale ya fodya. "Maluwa amadyedwa?" ankatero. Iye anadzalabe, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale, chifuwa chitayamba kale kumuvuta.

Maluwawo anamasula sabata imene Nambewe anamwalira. M'mawa wa maliro amayi a mpingo anathyola onse, n'kuluka nkhata zokaika pamanda ake.

A Lufeyo atafika kunyumba anapita kuchitsime. Anatunga ndowa zinayi zodzadza, madzi amene ankamumana aja, n'kukhuthulira pazitsa zouma za maluwa aja.