Mbalame ya Pak Gunardi Isadzidzimuke

Foni inalira Danang ali pa njinga yamoto, kasitomala ali kumbuyo. Oimbawo anali a ku ofesi. Ulendo wa ku mzinda wa Solo, masana omwewo. Anamutsitsa munthu uja pamphambano, napepesa, nathamangira ku bwalo la ndege la Halim. Yunifolomu inali m'chikwama. Inkakhala momwemo.

Kampani yawo inali ndi ndege ziwiri zazing'ono zobwereketsa kwa anthu olemera. Malipiro ankayamba matayala akachoka pansi. Kudikira kunalibe malipiro. Komabe foni usazimitse, mu Jakarta usatulukemo, mowa usaulawe. N'chifukwa chake Danang ankachita kabaza mozemba, chisoti chitabisa nkhope.

Tsikulo za malipiro sizinali m'mutu mwake. Lamulo linkati woyendetsa ndege aitsitse ndi manja ake katatu pa miyezi itatu. Iye anali atatsitsa kawiri. Nthawi yake inkatha Loweruka. Ikatha, mpando wakutsogolo sakhalaponso mpaka akayesedwe pa makina oyeserera kuuluka ku Singapore, ndi thumba lake. Thumbalo linali lobowoka. Ndipo kampani sikanamudikira. Achinyamata a ziphaso zatsopano anali mbwee, okonzeka kuuluka ngakhale ulere.

Kaputeni Sihombing anali pamthunzi wa phiko, akudya mpunga wa m'tsamba la nthochi. Mutu wonse imvi. Zaka zambiri anayendetsa ndege zikuluzikulu, kampani yake isanagwe.

"Wafika, wakabaza," anatero. "Ukununkha utsi wa tauni yonse."

"Kep, paja munalonjeza," anatero Danang. Kep kunali kufupikitsa Kaputeni.

"Ine ndalonjeza zambiri. Akazi anga ndinawalonjeza nyumba ku Medan. Kawafunse."

"Ndikunena kutera kwa lero."

"N'kwako. Ndisiye ndidye."

Danang anayendera matayala ndi mapiko. Anapukuta mipando, natsuka chimbudzi, naika ayezi m'bokosi. Zonsezi zinali ntchito za woyendetsa wachiwiri. Kusukulu sanamuuze.

Galimoto yakuda inaima pafupi ndi masitepe. Munatuluka Pak Gunardi, kapena kuti Bambo Gunardi, mwini migodi ya malasha. Pambuyo pake Mas Kirno, kunena kuti Achimwene Kirno, wosamalira mbalame, atakumbatira khola lophimbidwa ndi nsalu ya batiki. M'kholamo munali mbalame yotchedwa murai, yamchira wautali. Inkapita ku mpikisano woimba wa Lamulungu. Ndege inali yoti ikadikire komweko mpaka Lolemba.

"Iyi ikadzidzimuka imatseka pakamwa sabata yathunthu," anatero Kirno. "Ulendo watha wina anatigwetsa ngati thumba la simenti."

"Sinali ndege yathu, Mas," anatero Danang.

"Nonse ndinu amodzi."

Pak Gunardi anayang'ana mizere ya paphewa la Danang. Inali yochepa.

"Uyu ndi mwana wanu, Kep?"

"Ndi woyendetsa, Pak. Wokhwima ndithu."

"Azilankhula pa wailesi. Kutsitsa mutsitse ndinu."

Anakwera osadikira yankho.

Ananyamuka. Tauni inamira m'chifunga chake chofiirira. Danang anangoti maso pa zida zoyendetsera ndege.

"Usatupe ngati nsomba yowola," anatero Sihombing. "Chitseko cha kuno kutsogolo chikatsekedwa, bwana muno ndine. Pak Gunardi aona bwanji? Mbalame ikandinenera?"

Atadutsa phiri la Merapi, Sihombing anachotsa manja pa chiwongolero. "Ndege ndi yako."

"Ndege ndi yanga."

Inamumvera. Mphepo inali yofatsa, kumwamba kuli mbee. Pansi minda ya mpunga inkanyezimira. Anachepetsa mphamvu, napempha matayala. Anamva akutuluka, nakhazikika. Msewu wa ndege unaonekera patali, wowongoka. Ankadziwa kuti aitsitsa bwino.

Chitseko chinatseguka. Anali Kirno.

"Pak akuti chikhale chotsegula. Akufuna aone manja."

"Kakhaleni pansi, Mas, mumange lamba," anatero Sihombing.

Kirno anapita. Chitseko anachisiya pululu. Danang sanacheuke, koma ankadziwa mpando umene Pak Gunardi ankakonda. Woyamba kumanja. Munthu akakhala pamenepo amaona zonse.

"Kep, zatsala mphindi zochepa."

Kontirakiti ya Sihombing ankaiwonjezera mwezi ndi mwezi. Ankaiwonjezera chifukwa Pak Gunardi akabwereka ndege ankatchula dzina lake. Danang ankazidziwa zimenezi. Ankadziwanso za mwana wamkazi wa Kaputeni, wotsala chaka chimodzi ku yunivesite.

"Kep, chonde."

Dzanja lamakwinya linafika pa chiwongolero. Mawu anatuluka otsika.

"Ndege ndi yanga."

Mawu amenewa satsutsidwa. Pafupi chonchi ndi nthaka, anthu awiri salimbirana ndege. Danang anatambasula zala.

"Ndege ndi yanu."

Inatera ngati nthenga. Matayala sanamveke n'komwe. Injini zitazima, mbalame ija inayamba kuimba pansi pa nsalu. Pak Gunardi anaseka, nasisita phewa la Kaputeni potsika. Danang anatsitsa masutikesi.

Galimoto itapita, Sihombing anaimbira ku ofesi. Anaika foni poti onse amve.

"Mawa tikufuna tizungulire kamodzi, opanda anthu. Kunyamuka, kutera, basi. Mnzangayu nthawi ikumuthera."

"Mafuta alipira ndani, Kep?" anafunsa mayi wa ku ofesi. "Bwalo alipira ndani?"

"Mudule pa malipiro anga."

"Kep, musandiseketse. Malipiro ake ati? Komanso ndege ili m'manja mwa kasitomala mpaka Lolemba. Siisuntha." Kunamveka kugogoda kwa kompyuta. "Ndiye Mas Danang pofika Lolemba akhala atatha ntchito ngati yogati. Titumiza wina. Abwerere pa sitima."

"Tikiti?" anafunsa Danang.

"Ulendo wobwerera si wa kampani, Mas. Koma ndegeyo muisiye yoyera."

Foni inaduka.

Danang anakwera kukasesa. Anapeza bokosi la Kirno litagubuduka pansi pa mpando. Linali la nkhululu, chakudya cha mbalame. Zinali zitamwazikana pa kapeti monse, zina zikulira kale m'ming'alu ya mipando. Anavula tayi, nagwada, nayamba kuzitola imodziimodzi.

Masitepe analira. Sihombing analowa, naima kanthawi. Kenako nayenso anagwada, mawondo akuthetheka.

"Ndikulipirira sitima."

"Musavutike, Kep."

"Ndili ndi mnzanga ku Singapore. Mwina makina aja angatsitseko mtengo."

Onse ankadziwa kuti mnzakeyo anapuma pa ntchito kalekale. Danang anagwira nkhululu ina, ikum'kanda m'manja.

"Kumbuyo kwanuko, Kep," anatero. "Ina yalowa m'chimbudzi."