Bambo m'Kanema Wopanda Mawu

Ndinalota tili m'holo ya kutchalitchi masana, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete, tikuonera kanema wakalekale woseketsa, wopanda mawu, wotuwa ngati phulusa. Mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Pansalu yoonetserapo kanemayo panatulukira bambo anga atasenza makwerero, atavala jekete yothina ndi nsapato zazikulu. Chidwalireni sitiroko bambo sayenda ndipo sayankhula, koma m'kanemamo ankathamanga ngati mnyamata. Anaponda khoko la nthochi n'kugwa chagada, chidebe cha laimu wopaka khoma n'kuwavundikira kumutu. Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedera. Fungo la laimuyo linkandifika pamene ndinakhala.

Kenako bambo anavula chidebecho n'kuyang'ana ine ndekha, milomo ikugwedera. Mayi wina anandikodola.

"Si inu mumawayankhulira kunyumba? Tatiuzani, akuti chiyani?"

Nditati ndiyankhe, m'kamwa mwanga munadzaza laimu wozizira. Bambo anaterereka n'kugwanso, anthu n'kusekanso.

Kaya malotowa akutanthauza chiyani, kaya. Koma m'mawa uno ndikuwamwetsa phala, milomo yawo inayamba kugwedera chimodzimodzi. Amayi anaima pakhomo n'kufunsa monga mwa masiku onse.

"Akuti chiyani bambo ako?"

Nthawi zonse ndimayankha msanga kuti akufuna madzi kapena akumva kuzizira. Lero ndinangogwira sipuni m'manja.

"Sindikudziwa, amayi."

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati kuti lero lokha ndawamva bwino.