Amene Ankatukwana a Kherere

"Musankhe pakati pa wani ndi faifi," anatero a Peresenti, atawerama pamaso pa gogo wina amene anabwera kudzapepesa maliro. "Faifi ndiye kuti malemu ankayimbira mpira mwachilungamo kwambiri."

Gogoyo anayang'ana pepala, nayang'ana chithunzi cha malemu pakhoma, n'kufunsa ngati sikisi ilipo.

Katepi, mlongo wawo wa a Peresenti, anali pakhomo la khitchini atanyamula thireyi ya makapu, ndipo anaseka koyamba chiikireni bambo awo m'manda. Bambowo anali refa wa mpira zaka zonse za mphamvu zawo, anthu n'kumangowatcha a Kherere. Iwo omwewo ndiwo anapatsa ana awiriwa mayina: wachisamba a Peresenti chifukwa ngakhale mvula sakhulupirira kuti yagwa popanda nambala, wachitsirizira Katepi chifukwa chaka chonse ankawalondola m'nyumba ndi foni yojambulira mawu.

Kulondolako kunali kwa sukulu. Katepi anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo kafukufuku wake ankafuna kudziwa kuti munthu amaugwira bwanji mtima bwalo lonse likamamutukwana Loweruka lililonse. Njira imene anasankha inali yokhala pansi ndi munthu mmodzi n'kumumvetsera mpaka nkhani zithe, ndipo munthuyo anali bambo ake. Anajambula zambiri, koma panatsala nkhani imodzi, ya tsiku limene a Kherere anabwera kunyumba dzino lakutsogolo palibe. Akawafunsa ankangoti imeneyo adzaikamba komaliza. Matenda sanadikire. Maliro atatha, mphunzitsi womuyang'anira anamuimbira foni, napepesa bwinobwino, kenako n'kunena mosapita m'mbali kuti mawu a munthu mmodzi, osathanso, sangawapititse kwa oyesa mayeso. Apeze umboni wina mwezi usanathe, apo ayi anzake avala mikanjo iye ali pakhomo.

A Peresenti, amene ntchito yawo ndi kufunsa anthu zikwizikwi sopo amene amakonda, anaona kuti nthawi yawo yakwana. Mlongo wawoyo amamukonda, kungoti chikondi chawo chimabwera chosindikiza papepala. Kuyambira kale ankanena patebulo, bambo ali pomwepo, kuti munthu mmodzi kudzisimba yekha si kafukufuku koma macheza. Tsopano anthu ankalowa ndi kutuluka m'nyumbamo tsiku lonse, ndipo iwo anati khamu lotere kulisiya lipite osalifunsa kanthu ndi tchimo.

Madzulo, alendo atachepa, anayala mapepala patebulo lodyera n'kuyamba kuwonkhetsa. Nkhope yawo inagwa pang'onopang'ono. Aliyense anapereka faifi. Ngakhale neba wa kuseri kwa mpanda, amene timu yake ikagonja ankayimba nyimbo zonyoza a Kherere mpaka agalu kulowerera, anapereka faifi n'kuikhwatcha kunsi kawiri.

"Iwe unaona kuti munthu wobwera pamaliro, wamwa tiyi wako, n'kupatsa malemu thu?" anafunsa amayi, akupinda nsalu ya patebulo mbali yosafika mapepala.

A Peresenti anavula magalasi n'kuvomera kuti nambala zawozo zadwala ulemu.

Katepi akanatha kuwanyogodola, koma analibe poyambira. Masana omwewo anadzitsekera kuchipinda n'kumvetseranso zimene anajambula. Kumva bambo ake akuseka m'foni kunamupweteka mtima kwambiri, analira mpaka pilo kunyowa. Koma misozi itauma anamva chinthu chimene chaka chonse sankachimva: m'nkhani zonsezo a Kherere sanalakwitsepo. Penate iliyonse inali yoyenera, khadi lililonse linali lochedwa kale, ndipo otukwana onse anali anthu osadziwa malamulo. Anauza achimwene ake zimenezi maso ali pansi. Awiriwo anakhala manja lende, wina ndi khamu laulemu, wina ndi munthu mmodzi wodzikometsera, ndipo Katepi anayamba kuganiza za mmene adzauzire amayi kuti chaka chino chapita.

M'mawa mwake, akutsuka makapu, Katepi anamva kugogoda pageti. Panali bambo wamkulu thupi, wotsimphina, atavala jekete lomukana mabatani. Kumbuyo kwake kunali mayi wa chipewa chofiira, bambo wadazi wonyamula ambulera, ndi ena angapo amene ankayang'ana pansi ngati ana oitanidwa ku ofesi ya ahedi. Amayi atasuzumira pawindo anakwinya nkhope.

"Wajeketeyo ndiye anachotsa dzino la bambo anu," anatero motsitsa mawu. "Nyundo."

A Nyundo anali womwetsa zigoli wotchuka masiku awo, pano amawotcherera zitsulo. Anapepesa maliro ataimirira, chisoti chili m'manja, kenako anafotokoza kuti iwo sanabwere mwa iwo okha, anachita kuitanidwa. Masabata omaliza aja, pamene a Kherere ankatuluka ndi ndodo n'kumauza akunyumba kuti adokotala awalamula kuyenda, ankapita khomo ndi khomo kwa anthu amene anawatukwana kwambiri pamoyo wawo. Onse ankawakumbukira, ndi mawu omwe ankanena. Mayi wachipewayo ndiye ankayambitsa nyimbo kumbali ya ochemerera. Wadaziyo anali kochi amene anawathamangitsapo ndi ambulera mpaka kokwerera basi.

"Anati mwana wawo wamkazi wamva mbali yawo yokha," anatero a Nyundo. "Anati wamwamunayo amanena kuti umenewo si kafukufuku, ndipo akunena zoona, koma tisamuuze, angakule mtima. Anatinso tibwere iwo atapita, chifukwa ali pomwepo tichita manyazi. Ndipo wowayamikira aliyense amutulutsa m'bwalo."

Amayi anaseka, kuseka kwa misozi, n'kunena kuti n'chifukwa chake bambo aja ankabwera koyenda atakhuta tiyi wa eni. Anatsegula chitseko chonse. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero, ngakhale mlendoyo akhale amene anakugulula dzino la mwamuna.

A Peresenti anakhala nthawi akupukuta magalasi amene anali oyera kale. Atawavala anathamangira mipando, ndipo pasanapite nthawi anali atagawa alendowo m'magulu, osewera uku, makochi uku, ochemerera pakhonde, n'kumadandaula kuti mbali ya akazi ili ndi munthu mmodzi yekha. Mayi wachipewayo anawauza kuti asade nkhawa, iye yekha ankatukwana za anthu khumi, komabe anzake ali pafoni, akawakhudza afika asanamalize tiyi. A Peresenti anafunsa mlongo wawo mwaulemu, chinthu chachilendo, ngati angawalole kuwerenga kuti chitukwano chilichonse chatchulidwa kangati. Katepi anati awerenge, bola asadule munthu mawu.

Anayamba ndi a Nyundo, kuchipinda chochezera, pampando umene bambo ake ankakhala. Katepi anaika foni patebulo n'kuwapempha kuti ayambire pamene akufuna.

Anayambira pa masewero omaliza a chikho, mphindi zotsiriza, mpira wochokera kumanzere. Anaumenya ndi mutu, ukonde unagwedera, bwalo linaphulika, ndipo pakati pa phokosolo anamva kherere. Chigoli chakanidwa. Zimene anatukwana anazibwereza zonse, chimodzi ndi chimodzi, akupepesa kwa amayi amene ankamvetsera pakhomo. Za chibakera chimene chinagulula dzino lija anazinena mwachidule. Anati kuyambira tsiku limenelo akawaona a Kherere mumsewu ankawolokera tsidya lina, mpaka tsitsi linachita imvi, mpaka tsiku limene anatukula chigoba chowotcherera n'kupeza nkhalamba yowonda itaima pakhomo la shopu yawo, ikupumira pandodo.

"Tinamwa tiyi, tinacheza za mawondo," anatero. "Powaperekeza pageti ndinati lero ndipepese. Mawu anakana kutuluka. Iwo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kuti zinazo anakhululuka kalekale, ndisavutike. Ananyamuka. Ndiye atafika pakona anaima, natembenuka."

A Nyundo anaimirira ndi mwendo wawo wovutawo kuti aonetse. Anawongola msana, anakweza dzanja limodzi m'mwamba, chilili, monga amachitira refa.

"Anati, 'Koma iwe Nyundo, unali ofusayidi.'"

Anatsitsa dzanja, napukuta m'maso ndi chisoti, n'kuweramira pafoni kuti mawu alowe bwino.

"Sindinali, mayi. Zimenezo mulembe."