Udzu wa pa Manda a Sun-deok

Mkazi wanga Sun-deok anagona m'munda wa manachesi kuno ku chilumba cha Jeju, m'kampanda ka miyala yakuda kamene ndinamanga ndekha. Mwini munda anachita kundilola. Iye atamwalira ana ake anagulitsa malowo, ndipo wogula, a Hyeon, anati ndifukule mafupa, akufuna kumangapo nyumba zogona alendo.

Ndinangoti, "Ayi."

"Ayi wakoyo si lamulo, mdala iwe," anatero Deok-bae, mnzanga wa paubwana. "Pita ku ofesi ya boma, anaikako makina olangiza za milandu. Mukagwirizana, nonse simudziwa kuseka."

Ndinapita. Ndinapeza kachipinda, mpando ndi galasi lolankhula.

"Ndikumva, bambo," anatero makinawo.

"Akufuna kutulutsa mkazi wanga m'nyumba mwake."

"Mayiwo angabwere kuti timve mbali yawo?"

Ndinaweramitsa mutu. Akanakhala munthu bwenzi akuyang'ana wotchi. Makinawo anadikira.

"Pepani, bambo," anatero pambuyo pake. "Kodi nyumbayo ndi manda?"

Ndinavomera ndi mutu. Anafunsa za chilolezo, ndinayankha. Kenako anati, "Nanga udzu pamandapo amamweta ndani?"

Mtima unandipsa. Kwathu funso limenelo ndi chipongwe. Manda osamwetedwa chikondwerero cha zokolola chikamayandikira ndi manyazi a banja lonse.

"Ukundiyesa ndani? Ndimamweta ine, chaka ndi chaka."

"Sindikukunyozani, bambo. Manda oikidwa ndi chilolezo, oonekera ndiponso osamalidwa, lamulo limatha kuwateteza ngakhale munda utagulitsidwa. Alipo amene amakuonani mukumweta?"

"Deok-bae. Amakhala pampandapo n'kumandiseka."

"Ameneyo ndiye mboni yanu. Koma ine sindiweruza. Ndikutumizani kwa loya wothandiza anthu mwaulere, Mayi Bu. Nkhani yanu ndawafotokozera kale, simukayambiranso."

Chimenecho ndicho chinandigwira mtima. Makinawo anali atazindikira kuti ine kulankhula kumandilemera.

Mayi Bu anakumana ndi a Hyeon, Deok-bae ali pomwepo ndi jekete lake la paukwati. Deok-bae anafotokoza mmene ndimamwetera, ngakhale za kupindika kwa msana wanga. A Hyeon anasuntha mapulani awo, msewu wawo ukukhota kulambalala kampandako.

"Zaka zonsezi ndimakuseka," anatero Deok-bae, "kani ndinali pa ntchito ya khoti!"

Chaka chino nditamweta, ndinakhala pansi n'kumufotokozera Sun-deok nkhani yonse. Akanadabwa kundimva ndikulankhula motalika chonchi.