Tofu Amene Mayi Hung Anasiya

Pa tsiku la 16 chimwalirireni akazi awo, Bambo Hung Chin-lai anakhala pamasitepe a nyumba ina yosanja mu tauni ya Puli, botolo la gasi lili pakati pa miyendo. Anali atalisenza mpaka pansanjika yachitatu, chizungulire n'kuwagwira. Kwa zaka 27 ankakweza mabotolo amenewa m'nyumba za anthu osapumira panjira.

Mwini sitolo ya gasi sanazungulire. "Zikachitikanso ndikupumitsani ntchito. Botolo likakugwerani, ana anu ndidzawauza chiyani?"

Madzulo ake mwana wawo wamkazi, Hsiu-ching, anabwera ndi msuzi wa nkhumba.

"Ababa, idyani."

"Ndinalonjeza patsogolo pa bokosi la amayi ako. Masiku 49 osadya nyama, kuti ulendo wawo uwayendere bwino. Atsala 33."

"Ndiye mukufuna kuwaperekeza mpaka kukafika nawo?"

Bambo Hung anakankhira mbale ija pambali. Chiyikireni maliro ankangodya phala la mpunga ndi mpiru wamchere wa m'botolo. Kuphika kwawo kunkathera pomwepo.

M'mawa mwake Hsiu-ching anakaitana Mayi Yeh, namwino wopuma ntchito wa patsidya pa msewu, amene anasiya nyama zaka makumi atatu zapitazo. Iwo anamvetsera zonse, kenako anawagwira Bambo Hung pamkono.

"Achimwene, mkono uwu ukutha. Lonjezo lanu silinalakwe. Cholakwika ndi mbale yanu. Mwachotsamo nyama koma simunaikemo chilichonse m'malo mwake."

"Kodi kusala si kuvutika kumene?"

"Ndani anakuuzani zimenezo? Ine mukundiona ngati wovutika?" Anadzimenya pa ntchafu. "Mpunga umapatsa mphamvu, koma minofu imafuna zakudya zomanga thupi. Tofu, chigumu choyera chija cha soya, mkaka wa soya, nyemba, mtedza. Ndipo munthu wosenza zitsulo sangakhute phala lamadzimadzi."

"Tofu ndinayesa. Anangophwanyika m'poto n'kukhala ngati phala."

"Munagula wofewa uja, n'kumamutakasa ngati mukusakaniza simenti. Wokazinga amafuna wolimba. Mumufinye madzi, mumuike pa mafuta otentha, ndiye mumusiye. Osamugwiragwira."

Mayi Yeh anatsegula firiji kuti aone zomwe zinalimo. M'chipinda choundanitsa anapezamo timapaketi tisanu ndi tiwiri, tomangidwa bwino, tachikasu ngati sopo wakale.

"Zimenezo zinaonongeka," anatero Bambo Hung. "Anaika ndi malemu. Ndakhala ndikuti nditaye, koma manja akulemera."

Mayi Yeh anapukusa mutu. "Achimwene, mwadya zimenezi zaka zonsezi osadziwa? Uyu ndi tofu woundana. Akaundana amasintha mtundu, n'kuchita timabowo ngati siponji. Saphwanyika, ndipo amamwa msuzi. Mumayesa zija zinkakoma mu msuzi wa akazi anu zinali chiyani?"

Bambo Hung anatenga kapaketi kamodzi n'kukatembenuza m'manja. Hsiu-ching anatembenukira kuzenera.

Anasungunula paketi imodzi m'madzi, Mayi Yeh n'kuwauza Bambo Hung kuti afinye okha ndi manja awo. Anamudula mabenthu, n'kumuphika ndi bowa, kabichi, jinja ndi msuzi wa soya. Bambo Hung anadya mbale ziwiri za mpunga.

"Muyezo ndi uwu," anatero Mayi Yeh akutambasula chikhatho. "Pa chakudya chilichonse, tofu kapena nyemba zodzaza chikhatho chanu. Chanu, osati changa. M'mawa kapu ya mkaka wa soya. Mtedza m'thumba mukamayenda pa njinga yamoto. Chizungulire chikapitirira sabata, mupite kuchipatala, musamangoti ndi chisoni."

Mphamvu sizinabwerere tsiku limodzi. Sabata yoyamba Bambo Hung anapempha kuti azingopatsidwa nyumba zapansi. Tofu wina anamupsereza, wina anamuchulutsira mchere. Koma pofika tsiku la 40 anakweza botolo mpaka pansanjika yachisanu, mwini sitolo osanenanso za kupuma.

Paketi yomaliza anaisunga. Pa tsiku la 49 anaiphika okha, n'kuika mbale patsogolo pa chithunzi cha akazi awo, pambali pa lubani. Hsiu-ching analawa zotsala mumphika.

"Mchere wachepa, Ababa."

"Amayi ako ankathira wochepa chonchi kumene."

Pochokera kukachisi, kumene anakapempherera malemu, Bambo Hung anagula tofu wolimba mabenthu anayi, anamumanga m'timapaketi, n'kumuika mufiriji pamalo pomwe paja.

Kusiya nyama, kaya chifukwa cha maliro, chipembedzo kapena thanzi, si kusiya kudya. Mukachotsa nyama m'mbale, ikanimo tofu, nyemba kapena mtedza pa chakudya chilichonse, ndipo idyani mokhuta. Lonjezo limasungidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu.