Yudita Akana Kuomboledwa ndi Mbuzi

Ku Mualadzi konse manong'onong'o anali amodzi: Yudita wabwera, ndipo sanabwere yekha. Matsanga, zigawenga za m'tchire zija, anamugwira ali kumunda, abale ake anamulira ngati wakufa, koma uyu watulukira wowonda ngati mpini, kamwana kali kumsana. Bambo wa mwanayo? Musandifunse ine, kuchitsime aliyense ankatchula wake.

A Vicente, mkulu wa kapela yathu, anagamula kuti wochokera ku baze, msasa wa matsanga, salowa m'kapela mpaka abale ake atamuombola ndi mbuzi, poti wabwera ndi magazi a kunkhondo. Mbuzi nthawi imeneyo! Ndi nkhuku zomwe zinali zitatha ndi asilikali. Choncho Lamulungu Yudita anaima panja, pazenera.

Padri, wansembe wathu, sankafikanso chifukwa cha mabomba a mumsewu, ndiye ankatsogolera mapemphero ndi a Inácio, katekisita amene anaphunzirako ku seminale. Anawerenga kalata ya kwa Aefeso, paja pamati tili ndi chiombolo mwa mwazi wa Khristu, kenako anayamba Chigiriki chawo chija chogonetsa anthu.

"Mawu ake ndi apolutrosis. Muzu wake ndi luo, kumasula, monga mumasulira chingwe. Lutron ndi dipo lotulutsira kapolo kapena wogwidwa kunkhondo. Ndipo Paulo analemba echomen, tili nacho, lero lomwe, osati mawa."

"Mwamva?" a Vicente anatero akuyang'ana kuzenera. "Ngakhale Agiriki ankapereka dipo."

"A katekisita," Yudita anafuula, "wogwidwa kunkhondoyo amadzilipirira yekha?"

A Inácio anayang'ana a Vicente, amene ndi apongozi awo. "Iyayi. Amalipira womuombolayo."

"Basi, zanga zinalipiridwa kale."

Yudita anazungulira mpaka pakhomo. A Vicente anali atafika kale, atatambasula manja.

"Iwe mtsikana, ukufuna kutibweretsera tsoka?"

"Tsoka linandipeza kumunda inu mutabisala m'nkhokwe, bambo. Ku baze kuja simunabwere ndi mbuzi. Ndinathawa ndekha, ndi miyendo iyi. Nanga mbuziyo adye ndani, Mulungu kapena inu?"

Wina kumbuyo anaseka, kenako n'kunamizira chifuwa. Yudita anawerama, nadutsa kunsi kwa mkono wa a Vicente, nayenda mpaka kutsogolo kwenikweni. Benchi inali yodzaza. Anaima pomwepo, mwana akulira, maso a kapela yonse ali pa iye. Kenako mai Marcelina a kwaya anasendera, namulandira mwanayo n'kuyamba kumutonthoza.

A Vicente anatola chipewa chawo natuluka. Banja lawo lonse linawatsatira, ndi akazi a katekisita omwe, akupukuta misozi. A Inácio anayang'ana pakhomo kanthawi, kenako anayambitsa nyimbo. Tsiku limenelo anakadya kwa mlongo wawo, poti kunyumba sanawaphikire.

Yudita anayimba mokweza kuposa aliyense.

Nanga inu, mukanakhala pa benchi imeneyo, mukanasendera kapena mukanatola chipewa?